Miyezi 14 nditachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu: nthawi zimene sikelo inkakana kusuntha

Papita miyezi 14 kuchokera pamene ndinachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, imene madokotala amaitchula kuti sleeve gastrectomy, ndipo ndaona kuti nthawi yakwana yoti ndifotokoze mmene zinthu zayendera, makamaka pa nkhani imene inandisowetsa mtendere kuposa ululu wa mabala, yomwe ndi kuima kwa sikelo. Pa tsiku la opaleshoni ndinkalemera makilogalamu 118 pa msinkhu wa mamita 1.63, kutanthauza kuti BMI yanga, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, inali pafupifupi 44, ndinkamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo shuga wanga anali atatsala pang'ono kufika poti n'kutchedwa matenda. Lero ndikulemera makilogalamu 86. Woona manambala awiriwa angaganize kuti thupi linkatsika mwadongosolo mwezi ndi mwezi, koma ndikawerengera masiku onse amene sikelo sinasunthe n'komwe, amakwana pafupifupi miyezi itatu, ndipo masiku amenewo ndi amene anandivuta kwambiri pa ulendo wonsewu.

Pa opaleshoni imeneyi amachotsa magawo pafupifupi 75 mpaka 80 pa 100 aliwonse a chifu, n'kusiya kachigawo kopyapyala kooneka ngati nthochi. Mbali imene amachotsayo ndi imene imatulutsa kwambiri homoni ya ghrelin, yomwe inatulukiridwa ndi asayansi a ku Japan mu 1999 ndipo imauza ubongo kuti munthu ali ndi njala. N'chifukwa chake m'milungu yoyambirira njala inandithera, moti ndinkachita kuyang'ana wotchi kuti ndikumbukire kumwa zamadzimadzi zimene anandiuza. M'milungu itatu yokha ndinatsika ndi makilogalamu 8, ndipo mumtima mwanga ndinkaona ngati zipitirira choncho mpaka mapeto.

Kenako sikelo inaima pa 110. Ndimakumbukira bwino m'mawa wa tsiku la chisanu ndi chinayi la kuimako, nditaima pa sikelo ndisanamwe ngakhale dontho la madzi, n'kutsikapo, n'kuisunthira pakona ina ya chipinda poganiza kuti mwina pansi sipanali posalala, n'kukweraponso, koma nambala inali yomweyo. Pa nthawiyo ndinkadya masipuni ochepa chabe a chakudya chofewa patsiku, ndiye ndinkadzifunsa kuti ngati thupi silikutsika ndikudya zochepa chonchi, lidzatsika liti. Maganizo amene anandigwira anali akuti ine ndine mmodzi mwa anthu amene opaleshoni siwathandiza, ndipo ndadulitsa chifu changa pachabe, chinthu choti sichingabwezeretsedwe. Ndinachita zimene ambiri amachita akagwidwa ndi mantha amenewa: ndinachepetsanso chakudya chochepa kalecho, ndipo patapita masiku awiri ndinayamba kumva chizungulire ndikadzuka pampando.

Katswiri wa kadyedwe amene ndinakaonana naye anandimvetsera mpaka nditamaliza, kenako anati, "Mayi, palibe chimene chalakwika. Zimenezi timaziona pafupifupi kwa aliyense pa mlungu wachitatu kapena wachinayi." Anandifotokozera kuti thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu mwa mtundu wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa limodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Munthu akangochitidwa opaleshoni n'kumadya zochepa kwambiri, thupi limayamba lagwiritsa ntchito nkhokwe imeneyi, madzi aja n'kutuluka, choncho mbali yaikulu ya makilogalamu amene amachoka mofulumira poyamba ndi madzi. Pambuyo pake thupi limayamba kubwezeretsa nkhokweyo pamodzi ndi madzi ake, pamene mafuta akupitiriza kusungunuka, ndiye zimene zikuchoka ndi zimene zikubwerera zimafanana, sikelo n'kuoneka ngati yaima. Anatenga tepi n'kundiyeza m'chiuno, ndipo tinapeza kuti ndachepa ndi masentimita 4 m'masiku omwewo amene ndinkalira kuti palibe chikusintha. Kuima kumeneko kunatenga masiku 17, kenako kunatha kokha nditabwerera ku zimene anandilangiza, zomwe ndi magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni ndi madzi okwana lita imodzi ndi theka kapena malita awiri patsiku.

Pamenepa ndili ndi dandaulo limodzi, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse. Ndisanalowe mu opaleshoni ndinapatsidwa mapepala ambiri ofotokoza za mavitamini, za magawo a kadyedwe ndi za zizindikiro zoopsa, koma palibe amene anandiuza kuti sikelo idzaima pa mlungu wachitatu. Mawu ochepa okha akanandipulumutsa ku masiku ambiri a nkhawa ndi ku kudzimana chakudya kumene kukanandivulaza.

Chinthu china chimene chinkandipweteka chinali kudziyerekeza ndi anzanga amene tinachitidwa opaleshoni nthawi yofanana. Wina ankanena kuti watsika ndi makilogalamu 30 m'miyezi inayi, ine ndili pa 18, ndipo ndinkadziona ngati wolephera. Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse kuti munthu amene anayamba ali wolemera kwambiri amataya makilogalamu ambiri, kuti amuna kawirikawiri amatsika mofulumira kuposa akazi chifukwa ali ndi minofu yambiri, ndiponso kuti zaka, matenda a shuga, mankhwala amene munthu akumwa ndi mtundu wa opaleshoni zimasinthanso liwiro. Madokotala saona kwenikweni chiwerengero cha makilogalamu, koma gawo la kulemera kumene munthu anayamba nako, ndipo pa opaleshoni ngati yangayi ambiri amataya magawo pafupifupi 25 mpaka 30 pa 100 aliwonse pofika miyezi 12 mpaka 18. Makilogalamu 32 amene ndataya ndi magawo 27 pa 100, kutanthauza kuti nthawi yonse imene ndinkadziona wotsalira ndinali pakati penipeni pa zimene zimayembekezeka.

Kuima kwachiwiri ndi kumene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa kunali kwa mtundu wina, ndipo ndinachedwa kukuzindikira. Kunayamba m'mwezi wachisanu ndi chiwiri ndili pa makilogalamu 93, n'kutenga milungu 9. Popeza ndinali nditaphunzira kuti kuima ndi chinthu chachibadwa, ndinadziuza kuti ndi madzi aja, ndingodikira. Ndinadikira mwezi wathunthu. Koma ulendo uno tepi nayo sinkasuntha, zovala zinkandikwana chimodzimodzi, ndipo nditabwerera kwa katswiri uja sanandiuze kuti ndidekhe monga poyamba. Anandipempha kuti kwa masiku 7 ndizilemba chilichonse cholowa m'kamwa, ngakhale chochepa bwanji, pa nthawi yomweyo imene ndadya, osati madzulo pokumbukira.

Kabuku kameneko ndikadali nako. Zakudya zanga zitatu za patsiku zinali zabwinobwino ndiponso zochepa, dzira m'mawa, kachidutswa ka nsomba kapena nkhuku masana ndi madzulo. Vuto linali pakati pa mizere: tiyi wamkaka wothira shuga katatu patsiku, mabisiketi awiri cha m'ma 10 koloko, ena awiri madzulo, kapu ya juwisi, ndi kulawalawa pophika. Palibe chimene chinkandikhutitsa pa zonsezi, n'chifukwa chake sindinkaziwerengera ngati chakudya. Apa ndi pamene ndinamvetsa malire a opaleshoniyi. Chifu chaching'ono chimakuletsa kudya zambiri nthawi imodzi, makamaka zolimba monga nyama, koma sichiletsa zamadzimadzi ndi zofewa zimene zimasungunuka m'kamwa n'kudutsa mofulumira, ndipo sichingaletse munthu kudya pang'ono maola awiri aliwonse kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndinali nditayambanso kumwera madzi pakudya, chizolowezi chimene chimakankha chakudya kuti chichoke msanga m'chifu, pamene langizo linali loti ndizidikira mphindi 30 ndikamaliza kudya. Njala nayo inali itayamba kubwerera pang'onopang'ono, monga zimachitikira kwa ambiri pakapita miyezi ingapo.

Komabe sindikufuna kuti wina amve ngati kuima konse kwa mtundu umenewu ndi kulakwa kwa wodwala, chifukwa thupi nalo limasintha. Thupi la makilogalamu 93 limafuna mphamvu zochepa kuposa la makilogalamu 118, pogona ngakhale poyenda, ndipo munthu akataya mafuta ambiri homoni ya leptin, imene imapangidwa ndi mafuta a m'thupi, imatsika, thupi n'kuyamba kugwiritsa ntchito mphamvu mosamala ngati likudziteteza ku chilala. Pamodzi ndi mafuta pamachokanso minofu, yomwe imatentha mphamvu zambiri kuposa mafuta. Choncho chakudya chimene chinkanditsitsa thupi m'mwezi wachitatu chinali chongokwanira kundisunga pamalo amodzi m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Atandiyeza magazi anapezanso kuti ayironi wanga watsika, ndipo ndi chimene chinkandichititsa kutopa mpaka kusiya kuyenda madzulo osazindikira kuti ndasiya. Mapiritsi a ayironi anandithandiza, ngakhale kuti poyamba anandidzimbira moti sikelo inakwera ndi kilogalamu imodzi, monganso imakwerera masiku oyandikira msambo.

Zimene ndinasintha sizinali zambiri. Ndinasiya kuthira shuga mu tiyi, ndinasiya juwisi, ndinabwerera ku lamulo loyamba ndi mapuloteni pa chakudya chilichonse, ndipo ndinaika nthawi zodyera zokhazikika kuti pakati pake pazikhala madzi okha. Ndinayamba kunyamula zitsulo zopepuka kawiri pa mlungu pofuna kuteteza minofu, kuwonjezera pa kuyenda. Patapita milungu itatu sikelo inayamba kutsika, koma osati monga kale. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikutaya kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka pamwezi, ndipo ndavomereza kuti liwiro la miyezi yoyamba silidzabweranso. Njira imene ndimasiyanitsira mitundu iwiri ya kuimayi ndi imene katswiri uja anandiphunzitsa: ngati tepi ikutsika ndipo kabuku sikakuonetsa chachilendo, ndimadikira osachepetsa chakudya, koma ngati padutsa milungu inayi kapena kuposerapo sikelo ndi tepi zonse zili chiimire, ndimapita kukaonana nawo m'malo mongodzilimbitsa mtima.

Nanga opaleshoniyi ndingaiyamikire? Inde, ndipo nditabwerera m'mbuyo ndingaichitenso, koma ili ndi mtengo wake pa thupi. Tsitsi linathothoka kwambiri pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi lisanayambe kumeranso, chilungulira chimandivutitsa ndikadya mochedwa usiku, vuto lodziwika bwino pa opaleshoni ya mtundu uwu, khungu la m'mikono ndi pamimba lalendewera, ndipo mavitamini, kuphatikizapo B12, kashiamu ndi vitamini D, ndiziwamwa moyo wanga wonse pamodzi ndi kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi. Kumbali inayo, dokotala wandichepetsera mankhwala a kuthamanga kwa magazi, shuga wabwerera m'malo mwake, mawondo asiya kuwawa, ndipo ndimakwera masitepe osaima panjira kuti ndipume. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden wotchedwa Swedish Obese Subjects, amene anayamba mu 1987 n'kutsatira anthu kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti thupi limatsika kwambiri m'chaka choyamba kapena chachiwiri, kenako limabwererako pang'ono, koma ochitidwa opaleshoni amakhalabe opepuka kwa zaka zambiri ndipo imfa pakati pawo zinali zochepa poyerekeza ndi amene sanachitidwe. Kudziwa zimenezi kwandithandiza kuti ndikonzekere m'maganizo kuti makilogalamu ochepa angadzabwerere popanda kutanthauza kuti zonse zawonongeka.

Ndinkafunitsitsa kufika pa makilogalamu 75, ndipo n'kutheka kuti sindidzafikapo. Dokotala wandiuza kuti tikadzaonana pa mwezi wa 18 tidzakambirana ngati pangafunike thandizo lina, monga mankhwala ochepetsa njala otchedwa semaglutide amene ena amapatsidwa thupi likaima msanga pambuyo pa opaleshoni, koma pakali pano sakuona chifukwa chake. Masiku ano ndimakwera sikelo kamodzi pa mlungu, Lolemba m'mawa, ndipo m'chiuno ndimayeza kamodzi pamwezi. Pamene ndikulemba izi sikelo yakhala pa 86 kwa milungu itatu, tepi yatsika ndi sentimita imodzi, ndipo kabuku kaja ndakatsegulanso dzulo kuti ndione zimene zikulowa pakati pa chakudya cha masana ndi cha madzulo.