Kachipatala kapulayiveti komwe kanakana kusoka mphwanga

Ndikakafunsidwa za kachipatala kapulayiveti ka m'dera lathu lino la Lunzu, ndimati pitani, koma mutenge ndalama zokwanira, chifukwa mitengo yawo si yocheza. Malo ndi aukhondo, pamzere simukhalitsa. Chomwe chinandigwira mtima ndi momwe anamusamalira mphwanga, mmisiri womanga nyumba, atagwa pa sikafodi n'kufikira pa chitsulo chosongoka chomwe chinamuboola pamwamba pa khutu.

Balalo linali laling'ono, magazi ochepa, mwini wake akulankhula bwinobwino. Achibale ankangoti amusoke tizipita. Adokotala anameta tsitsi mozungulira, n'kuunika ndi tochi, n'kupukusa mutu. Anati chitsulo chafika pachigaza, ndipo chikaboola fupa chimalowetsa dothi, tsitsi ndi tizidutswa ta fupa mkati. Kusoka pamwamba n'kutsekera majeremusi pafupi ndi ubongo, kenaka pamabwera matenda oumitsa khosi kapena chithupsa cha mafinya muubongo momwemo, mwina patatha masabata angapo munthu akuoneka ngati wachira.

Anaphimba ndi bandeji osakanikiza, anamubaya jakisoni wa kafumbata, anayamba kumupatsa mankhwala opha majeremusi otchedwa ceftriaxone kudzera mumtsempha, n'kuletsa kuti asadye kalikonse poopa kuti mwina alowa m'fiyeta. Kalata yotitumiza ku Queens, chipatala chachikulu cha ku Ginnery Corner mu Blantyre, anailemba momveka: nthawi yomwe wagwa, mankhwala omwe walandira ndi ola lake. Ku Queensko, sikani ya CT yojambula mkati mwa mutu itaonetsa kuti fupa lalowa mkati, anamuchita opaleshoni yotsuka bala n'kutseka kachikopa kokuta ubongo.

Namwino wa pakachipatalako anandiuzanso zoti ndiziyang'anira akatuluka, ndipo ankalankhula ngati akuuza m'bale wake: thupi kutentha, khosi kuuma, mutu kupweteka mowonjezereka, kusanza, kugona kwambiri, kugwa ngati wakhunyu, kapena timadzi toyera todontha m'mphuno kapena m'khutu. Timadzito si chimfine, anatero, ndi madzi ozungulira ubongo, ndipo pomwe akutulukira mpomwenso majeremusi amalowera. Anawonjezera kuti chitsulo chikatsalira m'mutu osachizula ayi.

Zondinyansa zilipo. Ambulansi alibe, moti tinachita kuhaya galimoto, wovulala atatsamira pa ine msewu wonse mpaka ku Ginnery Corner. Bilu nayo anatipatsa munthu akadali pabedi, zomwe zikanatha kudikira kaye. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodziyo adzaitenga akadzagula ambulansi.