Botolo Lomwe Linandichititsa Manyazi ku Stellenbosch

Abale anga, mwakhala mukundifunsa za ntchito yanga yoperekera zakudya pa famu ya mphesa kuno ku Stellenbosch, m'chigawo cha Cape ku South Africa. Lero ndikusimbireni za vinyo wofiira wotchedwa Cape Blend.

Sabata yoyamba, bwana wathu anandithirira pang'ono kuti ndilawe, poti sungagulitse chinthu chomwe sunachiikepo pakamwa. Nditangomeza, m'kamwa munauma gwa ngati ndatafuna nthochi yosapsa. Nkhope inandiulula, anzanga a m'khitchini n'kufa nazo. Wophika wamkulu ndiye anandimvera chisoni. Anandipatsa kachidutswa ka nyama ya nkhosa yowotcha, yonona bwino, n'kundiuza kuti nditafune kaye kenako ndimwenso. Eee, vinyo yemwe uja anafewa, n'kuyamba kumveka kukoma kwa zipatso zakupsa ndi kafungo ka utsi.

Chomwe chimaumitsa m'kamwa amati tanini, ndipo chimachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa. Chikakumana ndi mafuta a nyama, ukali wake umazilala. N'chifukwa chake vinyoyu malo ake ndi pa braai, powotcha nyama pamakala: nyama ya nkhosa za ku Karoo, kapena soseji ya boerewors. Ine ndimamukonda kwambiri ndi mchira wa ng'ombe wophika m'kamphika kachitsulo kamiyendo itatu kaja amati potjie, utakhala pamakala maola angapo mpaka mnofu kusiyana wokha ndi fupa. Bobotie, nyama yogaya yokhala ndi dzira pamwamba, nayo amagwirizana. Biltong, nyama youmitsa, ndi tchizi wokhwima ndi zongodikirira chakudya.

Cape Blend si mtundu umodzi wa mphesa ayi. Mwini wake ndi Pinotage, yemwe kawirikawiri amakhala pakati pa 30 ndi 70 peresenti. Mphesa imeneyi ndi yobadwira konkuno: mu 1925 Pulofesa Abraham Perold wa pa Yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Nthawi imeneyo Cinsaut ankaitcha Hermitage, ndiye anangolumikiza mayina awiriwo, Pinot ndi Hermitage, kukhala Pinotage. Mukaganiza kuti vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, Pinotage ndi mwana wa dzulodzuloli.

Pa famu pathu mtundu uliwonse amauwiritsa pawokha, n'kuusunga m'migolo yamatabwa ya malita 225 kwa chaka kapena kuposerapo. Kenako wopanga vinyo amakhala pansi ndi matambula ambirimbiri, kulawa n'kulavula, kulawa n'kulavula. Mwa mitundu ya mphesa yosakaniza ndi Pinotage, Cabernet Sauvignon amalimbitsa, Merlot amafewetsa, Shiraz amaika kafungo ka tsabola wakuda. Kulavulako kunkandiwawa mtima poyamba, koma munthu atati azimeza zonse sangafike masana ali chilili, poti mphamvu yake imafika 14 peresenti.

Mphamvu yomweyo ndi imene imadana ndi chakudya cha tsabola wambiri. Lilime limayaka moto. Kutentha nakonso sakufuna. Mu February, nthawi yokolola mphesa dzuwa likuswa mtengo, botolo timaliika m'furiji mphindi 20 kuti litsike kufika madigiri 16 mpaka 18.

Dzana bambo ena anaitanitsa nsomba ndi Cape Blend. Ndinawauza mwaulemu kuti ziwirizi zikakumana, m'kamwa mumamveka ngati wanyambita chitsulo, bola atenge vinyo woyera wa Chenin Blanc. Anakana, ati ndalama ndi zawo. Atangomwa kawiri anandikodola, n'kundiuza kuti botolo lija ndilitseke apite nalo kunyumba.