Political Science ku UNIMA kapena Political Leadership ku CUNIMA?

Kwa amene mukufuna digiri ya za ndale ndi utsogoleri. UNIMA ndi yunivesite ya boma, ili ku Zomba, ambirife timangoti Chanco. CUNIMA ndi yunivesite ya Akatolika, ili ku Nguludi ku Chiradzulu, inayamba mu 2006.

Kulowa: UNIMA umadzera ku NCHE (bungwe loona za maphunziro apamwamba) ndipo mpikisano wake si wamasewera, mapointi a MSCE akhale otsika zedi. CUNIMA umafunsira kusukulu komweko.

Fizi: UNIMA njotsikirako, CUNIMA konzani thumba.

Zaka: konse ndi 4.

Ku Chanco ndale simungoziwerenga m'buku ayi, makampeni a ophunzira amatentha mpaka kumahosteli, ine ndimaona ngati kalasi yeniyeni ndi imeneyo.

Wakhoza bwino koma ndalama zikuvuta, limbikira UNIMA. NCHE inakusiya koma wolipira fizi alipo, Nguludi ikuyenera iweyo.