Phukusi la singano za koloshe: singano zili bwino, ulusi wake ayi

Phukusi ili ndi lija lopanda dzina la kampani, limene limapezeka m'masitolo a zosokera mumzinda wa Tete ndi pamsika wa ku Ulongwe. M'kati mwake muli singano zolukira 9 za aluminiyamu, kuyambira 2 mm mpaka 6 mm, timapini ta pulasitiki toikira chizindikiro, singano yosokera ya diso lalikulu, tepi yoyezera, ndi timipira ta ulusi ting'onoting'ono ta mitundu yosiyanasiyana.

Singanozo sizikhumudwitsa. N'zosalala, ulusi umatsetsereka bwino, ndipo kukula kwake anachita kudinda pachitsulo pomwe, motero sikufufutika ndi thukuta la nyengo yotentha ya kuno. Komabe musanalipire, yendetsani chala pa kangowe ka singano iliyonse. Ina imakhala ndi kachitsulo kotsalira kamene kamakanda ulusi n'kuugawa pakati. Mukafika nayo kunyumba, mutha kuisalaza ndi chopalira zikhadabo.

Wongoyamba kumene atenge ya 4 mm, zinazo azisunge kaye. Ya 2 mm ndi ya ulusi wowonda wa madoilo, ndipo mfundo zake zimakhala zazing'ono moti sungaone pobaya.

Vuto ndi ulusi. Timipirato n'tochepa kwambiri, sitikwana n'kachipewa ka khanda komwe, ndipo ulusiwo sunapotedwe mokwanira. Ukabaya, singano imalowa pakati pa timaulusi m'malo molowa pansi pa mfundo, choluka n'kutuluka chanyankhalala. Mitundu ina n'njakuda bii, pamene wophunzira amafunika kuona mfundo iliyonse. Gulani padera mpira umodzi wa magalamu 100 wa akiriliki wonenepa pang'ono, woyera kapena wachikasu. Ngati mukufuna mipira ingapo ya chinthu chimodzi, onani kuti nambala ya utoto papepala ikufanana, chifukwa mtundu umodzi womwewo umasiyana pang'ono malinga ndi mmene anaunyikira.

Kapepala ka malangizo kali ndi zithunzi zosaoneka bwino, ndiye ambiri amathamangira ku YouTube. Apa m'pofunika kuchenjera. Makanema a Chipwitikizi amatchula mfundo kuti correntinha (tcheni), ponto baixo (mfundo yaifupi) ndi ponto alto (mfundo yaitali). A Chingerezi ali pawiri: chimene a ku America amachitcha single crochet, a ku Britain amachitcha double crochet, pamene ndi ponto baixo yemweyo. Mukasakaniza, choluka chanu chitalika mosiyana ndi cha pachithunzi. Sankhani chilankhulo chimodzi n'kukhala nacho.

Poyesa phukusili, njira yabwino ndi kuluka kansalu ka ngodya zinayi. Yambani ndi tcheni cha mfundo 21. Dumphani yoyamba, bayani yachiwiri, kokani ulusi kuti pasingano pakhale zingwe ziwiri, kolaninso ulusi n'kudutsa zonse ziwiri pamodzi. Ameneyo ndiye ponto baixo, ndipo pamzera wonse atuluke 20. Pomaliza lukani tcheni chimodzi, tembenuzani, bwererani. Mukafika pa ponto alto, tcheni chotembenukira chikhale cha mfundo 3.

Apa ndi pamene timapini tija timaonetsa ntchito yake, ndipo kwa ine ndi timene tikupangitsa phukusili kukhala loyenera ndalama zake. Pafupifupi wophunzira aliyense amaphonya mfundo yomaliza ya mzera, chifukwa imapendekera pambali n'kubisala. Mzera uliwonse ukataya imodzi, kansalu kamanka kachepa m'mwamba ngati denga la nkhokwe. Kolowekani kapini pa mfundo yoyamba ya mzera mukangoiluka, ndipo pobwerera mudziwa pothera. Werenganinso mzera uliwonse. Timapiniti n'tosalimba, timathyoka pakamwa mukatikanula kwambiri, koma kachidutswa ka ulusi wa mtundu wina kamagwiranso ntchito yomweyo.

Kansalu kakamapindika m'munsi, ndiye kuti tcheni choyambira munachimangitsa. Lukani tchenicho ndi singano ya 5 mm, kenako bwererani ku 4 mm. Ubwino wokhala ndi singano zambiri ndi umenewu. Pa zozungulira, monga pamwamba pa chipewa cha mwana cha nyengo yozizira ya ku Angónia mu Juni ndi Julayi, yambani ndi ma ponto alto 12, mzera wachiwiri 24, wachitatu 36. Mukawonjezera zochepa chimabwera ngati kambale, mukachulutsa chimachita makwinya m'mbali.

Chimene wogulitsa sanena n'chakuti akiriliki amasungunuka ndi moto. Musalukire zogwirira mapoto, ndipo musasite ndi ayironi yamakala. Za kukhitchini zimafuna ulusi wathonje.

Chogwirira cha singanozi n'chowonda, ndipo mukaluka nthawi yaitali chala chachikulu chimatopa. Kukulunga tepi kapena kansalu pogwirira kumathandiza. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu, poti ulusi muyenera kugulanso wina.