Syncthing: kugawana mafayilo mu ofesi popanda seva

Mu ofesi yathu muli makompyuta asanu ndi imodzi, ndipo kwa miyezi ingapo tsopano takhala tikugawana mafayilo kudzera pa Syncthing, pulogalamu yaulere yomwe Jakob Borg wa ku Sweden anaiyambitsa mu 2013. Imagwira ntchito pa Windows, macOS ndi Linux.

Kagwiridwe kake ndi ka peer-to-peer, kutanthauza kuti palibe seva imodzi yosunga zonse kuti ena azikatapako, koma kompyuta iliyonse imapereka ndi kulandira. Iliyonse ili ndi chizindikiro chake chachitali chotchedwa Device ID, ndipo makompyuta awiri sapatsana kanthu mpaka mbali zonse zitavomerezana. Fayilo imagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono, moti kompyuta yongolowa kumene imatha kutola tizigawoto kwa anzake angapo nthawi imodzi.

Chomwe chandikhutiritsa kwambiri n'chakuti makompyuta omwe ali pa rauta imodzi amapezana okha, ndipo mafayilo sadutsa pa intaneti, choncho bandulo yathu siithera pa kutumizirana zikalata ndi munthu amene wakhala pa desiki yapafupi. Tsiku lina intaneti inadula m'mawa wonse, koma mainivoisi amene mlembi ankasunga ankafikabe kwa a zachuma m'chipinda china, mwini wake osadziwa n'komwe kuti kunja kwadula.

Komabe Syncthing si nkhokwe, ndipo apa ndi pomwe ambiri angapusitsike. Munthu mmodzi akafufuta fayilo, imafufutika pa makompyuta onse, ndipo simungaibwezeretse pokhapokha ngati munayatsiratu File Versioning, yomwe imasunga makope akale a mafayilo koma imabwera yozimitsidwa. Anthu awiri akasintha chikalata chimodzi nthawi imodzi, mumapeza chachiwiri chokhala ndi mawu akuti sync-conflict m'dzina lake, ndipo kusankha cholondola ndi ntchito yanu. Palibenso malo amodzi oyang'anirira makina onse, chifukwa kompyuta iliyonse imakonzedwa payokha kudzera pa browser, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Kwa ife asanu ndi mmodzi zimenezi n'zotheka, koma kampani ya makompyuta 200 sindingailangize kutero.

Vuto lina ndi lakuti laputopu yozimitsidwa siipereka kanthu, ndipo munthu akapita nayo kumudzi ntchito yake isanafike kwa anzake, onse amadikira kuti abwere. Ife tinangopatula kompyuta yakale imodzi, n'kuilumikiza ku batire kuti isamazime magetsi akathima, ndipo anzanga ayamba kale kuitchula kuti seva.