Bonjour, "inu" ndi "iwe": zaka zitatu ku Lyon

Abale mukamandifunsa pa WhatsApp kuti Afalansa ndi anthu otani, ndimasowa poyambira. Ndiyambire pa moni.

Sabata yoyamba nditafika ku Lyon, mzinda wa ku France, ndinalowa m'kasitolo ka buledi pafupi ndi pomwe ndimakhala, n'kungoloza buledi wautali uja amati baguette. Mayi wogulitsayo anandiyang'ana duu, kenako anati "Bonjour!" mokweza, ngati agogo akudzudzula mwana wolowa m'nyumba osaodira. Manyazi anandigwira. Kuno ukalowa m'sitolo, ukakwera basi, ukafika kwa dokotala, umayamba wapereka moni, zina pambuyo. Ine amene ndinkati azungu alibe mwambo, mzungu ndiye anandikumbutsa mwambo.

Chifalansa n'chovuta, zilembo zambiri amalemba koma satchula. Koma pali chimodzi chimene chinandilowa msanga: vous ndi tu. Ndi "inu" ndi "iwe" wathu yemweyu basi. Anzanga a m'kalasi ozolowera Chingelezi chokha ankasokonezeka, ine ndikungomwetulira. Zopsompsonana m'masaya popatsana moni zija ndiye mpaka lero thupi limauma, makamaka akakhala mkazi wa mwini, mwamuna wake ali pomwepo.

Ndikanena kuti kwathu ndi ku Malawi, ambiri amati "Ah, le Mali!" Ndinatopa nako kufotokoza. Masiku ano ndimangotsegula mapu pa foni, n'kuwaonetsa nyanja.

Nsima ndimadya, musade nkhawa. Ku Guillotière, dera lina la mu Lyon muno, kuli masitolo a anzathu a kumadzulo ndi pakati pa Africa, komwe ndimapeza ufa, therere, chigwada chouma ndi chisanu ndi nsomba zowamba, ngakhale sizifika pa usipa wa ku Mangochi. Lamulungu masitolo ambiri amatseka, ndipo mu Ogasiti anthu amathawira kutchuthi mpaka msewu wathu kuti zii.

Chimene ndinasweka nacho mtima ndi maliro. Pamwamba pa chipinda changa pankakhala bambo wina wokalamba ndi akazi awo. Tinkakumana pamasitepe m'mawa uliwonse: bonjour, bonjour, basi. Mu Januwale, nyengo imene kumada cha m'ma 5 koloko, ndinangoona kapepala pafupi ndi mabokosi a makalata konena kuti bambo aja atisiya. Panalibe moto panja, panalibe kwaya, panalibe amayi ophika kapena amuna ogona pa siwa. Nyumba yonse inali phee, wina akutsika ndi galu wake ngati palibe chachitika.

Ndinalephera kupirira. Madzulo ndinakwera, n'kugogoda, shuga ndi khofi zili m'manja, poti kwathu sitipita kukapepesa chimanjamanja. Mayi aja anatsegula pang'ono, akudabwa. Ndinati ndi Chifalansa changa chothyokathyoka, kwathu mnansi akamwalira timabwera kudzakhala nanu pansi. Anakhala chete, kenako anatsegula chitseko chonse. Tinakhala maola awiri akundionetsa zithunzi za amuna awo ali mnyamata, akugwira ntchito kufakitale ku Vénissieux. Aka kanali koyamba kulowa m'nyumba ya Mfalansa chifikireni.

Tsopano Lachinayi lililonse ndimawanyamulira katundu wa kumsika, iwo amandikonza Chifalansa. Mwezi watha anandiuza kuti tizingoitanana tu, poti ndife abwenzi. Ndinayesa kamodzi, lilime linakana. Mayi wa imvi mutu wonse, ine n'kumati iwe? Amandiseka, koma ndikadali pa vous.