iNaturalist ndi nkhani ya "mbewa" yobereka ana kumsana

Nkhani inayambira mu gulupu ya pa WhatsApp ya anzanga akusukulu, wina anaponyamo chithunzi cha kanyama kangati mbewa, maso akuluakulu ozunguliridwa ndi zakuda ngati kadzola makala, ana ambirimbiri atakakamira kumsana. Mkangano nde unali wa tsiku lonse, ena akuti ndi khoswe, wina akufunsa ngati kamadyedwa, mukudziwa ife ndi mbewa. Ineyo ndinatopa nazo ndikudaunilodi iNaturalist, apu yothandiza kuzindikira nyama ndi zomera pa chithunzi, ndiye pano ndaigwiritsa ntchito miyezi ingapo ndati ndikuuzeni mmene ndaionera.

Apuyi ndi yaulere, mumangolembetsa ndi imelo basi. Inayamba 2008 ngati pulojekiti ya ophunzira a ku Berkeley ku America. Ukaika chithunzi imakupatsa maganizo ake kuti mwina ndi chakuti, kenako anthu enieni amabwera kudzavomereza kapena kutsutsa. Chithunzi chathu chija sindinachiike ngati changa chifukwa sindinajambule ndine, ndinangosaka ndikufanizira ndi za ena, ndipo yankho linandidabwitsa: si mbewa ayi, ndi Marmosa, kanyama ka ku Mexico kutsika mpaka South America, ka banja la Didelphidae, la tinyama totchedwa opossum. Pachibale kayandikira kwa kangaroo kusiyana ndi mbewa zathu zapamseu wa ku Dedza, ngakhale kuti ikoko kalibe thumba lapamimba, ana amangolendewera kumawere kenako akakula pang'ono amakwera kumsana. Mchira wake umagwira nthambi ngati dzanja.

Chimene chinandikomera kwambiri ndi mbali ya mayina, koma izi muzionera pa kompyuta chifukwa pafoni zambiri sizioneka bwino. Tengani Marmosa murina, umodzi mwa mitundu ya mu gulu la Marmosa. Linnaeus, katswiri wakale wotchula zamoyo mayina, anakatchula 1758 koma iye anakalemba kuti Didelphis murina, ndipo murina m'Chilatini ndiye kuti "chonga mbewa", ndiye anzanga aja sanalakwe okha, naye mkuluyo anaona mbewa yomweyo kkkk. Dzina loti Marmosa linabwera 1821 ndi katswiri wina, Gray. Kenako pali gulu lina la ubweya wambiri lomwe kwa zaka ankaliika palokha kuti Micoureus, 2009 ofufuza Voss ndi Jansa ataona za DNA analilowetsa mu Marmosa momwemo. Chaka chotsatira, 2010, Marmosa robinsoni yemwe ankaoneka ngati mtundu umodzi anagawidwa, a ku Ecuador ndi Peru nkukhala simonsi, ena a ku Panama ndi Colombia nkukhala isthmica. Pa iNaturalist kusintha kwa mayina kotereku amakulemba poyera, ndipo dzina likasintha zithunzi zakale zimasamukira ku dzina latsopano, sukhala ukusokera ndi zolemba zakalekale.

Mapu ndiye ndimakhalapo nthawi yaitali, bandulo nkutha osazindikira (zithunzi zimadya data, ndakuchenjezani). Murina umamuona ku Suriname, Guyana, French Guiana, Venezuela ndi Brazil. Koma muwerenge mapuwo mwanzeru, madontho aja akuonetsa komwe kunali munthu wa foni ndi tochi usiku, osati konse komwe kanyamako kamakhala. Mkati mwa Amazon madontho ndi apatalipatali, si kuti kulibeko ayi.

Pomwe apuyi imafika pothera ndi apa: tinyama iti timafanana kwambiri, akatswiri amatisiyanitsa poyang'ana mano, chigaza, mamba a kumchira ndi DNA, zinthu zoti chithunzi chausiku sichingaonetse. Nchifukwa chake zithunzi zambiri zimangothera pa "Marmosa" osafika pa mtundu weniweni, ndipo ine ndimaona kuti ndi bwino choncho kusiyana nkunamiza anthu. Kuti chithunzi chifike pomwe amati Research Grade pamafunika kuti opitirira magawo awiri mwa atatu a oyankha agwirizane, zikatero chimatha kupita ku GBIF, nkhokwe ya pa intaneti ya zamoyo zapadziko lonse, komwe ofufuza amakatenga. Vuto lake anthu awiri osadziwa atha kugwirizana zolakwika, ndiye muziona kaye amene wayankhayo ngati amazitsata za opossum.

Chichewa mulibe m'mamenyu, zimenezo musayembekezere. Ndaipatsa 4 pa 5. Mu gulupu muja ndinatumiza sikirinishoti, uja wofunsa zodya uja mpaka lero akuti bola kakanakhala kokazinga.